Funsani za Masewero: Kodi Kaoru Mitoma adatchuka bwanji?

Mwezi uno makalata ambiri amene afika ku ofesi yathu akufunsa za munthu mmodzi, wosewera mpira wamiyendo wa ku Japan, Kaoru Mitoma, wa timu ya Brighton & Hove Albion ya ku England. Ena akufuna kudziwa kumene adachokera, ena akufuna kuti tiweruze mikangano imene idayamba kalekale pamalo oonerera mpira, ndipo mphunzitsi wina akufuna kutsimikiza nkhani asanakaifotokozere ana a sukulu. Tasankha makalata asanu ndi imodzi, ndipo ena tawafupikitsa kuti malo akwane.

Akonzi, ine ndimaonera mpira wa ku England pa vidiyo sho ya kwathu kuno. Ndaona kuti Brighton ikamasewera, ngakhale masapota a Arsenal ndi a Manchester United amasiya phokoso kudikira kuti mpira ufike kwa mnyamata wa ku Japan wovala jezi nambala 22. Zaka zingapo zapitazo palibe amene ankamudziwa. Kodi adachokera kuti, nanga chidamutchukitsa n'chiyani?
Wokonda mpira, Ndirande, Blantyre

Bambo, mukunena zoona kuti mnyamatayu adatulukira mochedwa. Mitoma adabadwa pa 20 Meyi 1997 ndipo adakulira mumzinda wa Kawasaki, pafupi ndi Tokyo, koma mpira adayamba kuusewera ngati ntchito mu 2020, ali ndi zaka 22, msinkhu umene anzake ambiri a ku Ulaya amakhala atatha kale zaka zinayi kapena zisanu m'maligi akuluakulu. M'chaka choyambacho adagoletsa zigoli 13 mu J1 League, ligi yaikulu ya dziko lake, timu yake ya Kawasaki Frontale idatenga ligiyo, ndipo pa 1 Januwale 2021 ndi iye amene adamwetsa chigoli chokhacho chimene chidapatsa Frontale chikho cha Emperor's Cup pamasewero otsiriza olimbana ndi Gamba Osaka.

Brighton idamugula mu Ogasiti 2021 pamtengo umene nyuzipepala zidati sudapitirire mapaundi 3 miliyoni, ndalama zochepa zedi pamsika wa ku England. Komabe sadapite ku England nthawi yomweyo, chifukwa malamulo a chilolezo chogwirira ntchito m'dzikolo amayang'ana, mwa zina, kuti munthu wasewererapo kangati timu ya dziko lake, ndipo iye anali asanasewerepo n'kamodzi komwe timu yaikulu ya Japan. Adamutumiza pangongole ku Union Saint-Gilloise ya ku Belgium, timu imene mwini wake wa Brighton, Tony Bloom, adaikamo ndalama. Kumeneko, mu Okutobala 2021, adalowa m'chigawo chachiwiri timu yake ikutsalira 2-0 kwa Seraing, adagoletsa zigoli zitatu, ndipo masewerowo adatha 4-2.

Kwa anthu a ku Japan, tsiku limene dzina lake lidalowa m'nyumba iliyonse ndi 24 Malichi 2022. Japan inkasewera ndi Australia mumzinda wa Sydney, masewero ofuna malo ku Chikho cha Dziko Lonse, ndipo patatsala mphindi zochepa kuti atha panalibe chigoli. Mphunzitsi wa timuyo, Hajime Moriyasu, adamulowetsa Mitoma kumapeto kwenikweni, iye n'kugoletsa zigoli ziwiri zimene zidapititsa Japan ku Qatar, ulendo wachisanu ndi chiwiri motsatizana kuyambira 1998. Oonera mpira wa ku England adamuzindikira miyezi ingapo pambuyo pake: pa 29 Okutobala 2022 mphunzitsi wa Brighton pa nthawiyo, Roberto De Zerbi, adamuyambitsa koyamba mu ligi tsiku limene Brighton idakuntha Chelsea 4-1, ndipo pa 29 Januwale 2023, m'mphindi zowonjezera, adalandira mpira m'bokosi, adaunyamula m'mwamba kudutsitsa wotchinga kumbuyo wa Liverpool, n'kuumenya usanagwe pansi, chigoli chimene chidatulutsa Liverpool mu FA Cup.

Amenewo ndiwo masiku ake, koma funso lanu lachiwiri silingayankhidwe ndi masiku okha. Ife tikuona kuti chimene chidamutchukitsa msanga ndi mtundu wa mpira umene amasewera, chifukwa ndi mpira umene aliyense amauona. Pali osewera ofunika kwambiri m'timu amene ntchito yawo imaoneka kwa makochi okha. Wataru Endo, mnzake wa ku Japan amene adapita ku Liverpool mu 2023, ndi wotero, pakuti ntchito yake ndi kulanda mipira pakati ndi kutseka njira, zinthu zimene munthu womwa chakumwa chake kumbuyo kwa holo sangaziwerenge. Mitoma amasewera m'mbali chakumanzere ngakhale mwendo wake wamphamvu ndi wamanja. Akalandira mpira amaima ngati waiwala chochita, wotchinga kumbuyo naye amaima, ndipo kwa kanthawi kochepako bwalo lonse limadziwa kuti chinachake chichitika. Wotchingayo akangopendekera mbali imodzi, iye wadutsa kale mbali inayo. Kudoda kotereku kumatha masekondi khumi, ndipo masekondi khumi ndiwo utali wa kanema amene anthu amatumizirana pa WhatsApp, pa Facebook ndi pa TikTok. Chigoli chake cha mu Ogasiti 2023, pamene adachoka ndi mpira chapakati pa bwalo n'kupyola osewera angapo a Wolves, komanso cha mu Febuluwale 2025, pamene adatsitsa ndi phazi limodzi mpira wautali wochokera kwa goloboyi Bart Verbruggen iye akuthamanga n'kugoletsa Chelsea, zidaonedwa ndi anthu ambiri amene masewero athunthu a Brighton sadawaonerepo.

Ine ndimasapota Germany kuyambira ndili mwana, ndipo mpaka lero sitigwirizana ndi mlamu wanga pa chigoli chachiwiri chimene Japan idagoletsa Spain ku Qatar. Ndidaona ndi maso anga udzu wobiriwira pakati pa mpira ndi mzere Mitoma asanaubweze. Mlamu wanga akuti mpira sudatuluke. Kodi mbiri ya mnyamatayu sidamangidwe pa chinyengo?
Sapota wa Germany, Chibavi, Mzuzu

Pepani achimwene, koma mlanduwu ukukomera alamu anu. Udzu umene mudauona unalipodi, ndipo maso anu sadakunamizeni, kungoti lamulo silifunsa za udzu. Lamulo lachisanu ndi chinayi la mpira wamiyendo limati mpira watuluka pokhapokha wonse wathunthu utadutsa mzere wonse, kaya pansi kaya m'mwamba. Popeza mpira ndi wobulungira, kachigawo kamene kamakhudza nthaka n'kakang'ono, ndipo kangathe kukhala kunja kwa mzere pamene mimba ya mpirawo ikadali pamwamba pa mzerewo. Yesani kunyumba: ikani dzungu pambali pa mkeka, losakhudza mkekawo koma loyandikira kwambiri, kenaka muliyang'ane mutakhala pansi chapatali, mudzaona mpata, muimirire n'kuliyang'ana kuchokera pamwamba, mudzapeza kuti mbali yake yaphimba m'mphepete mwa mkeka. Makamera ambiri a wailesi ya kanema amajambula chapambali, n'chifukwa chake dziko lonse lidaona mpata.

Masewerowo adachitika pa 1 Disembala 2022 pa bwalo la Khalifa International mumzinda wa Doha, ndipo woyimbira anali Victor Gomes wa ku South Africa. Spain idatsogola ndi chigoli cha Álvaro Morata, Mitoma ndi Ritsu Doan adalowa poyamba chigawo chachiwiri, Doan adabweza pamphindi ya 48, ndipo patangopita mphindi zitatu Mitoma adatambasula mwendo n'kubweza mpira umene unkaoneka kuti wapita, Ao Tanaka n'kuulowetsa muukonde. Oyang'anira makina a VAR, othandiza woyimbira poonanso kanema, adauunika kwa nthawi ndithu asanavomereze. Pamene tingawadzudzule a FIFA ndi poti zithunzi zoonetsa bwino nkhaniyi adazitulutsa mochedwa, anthu atagona kale ndi mkwiyo. Mkwiyo wanu ukumvekanso chifukwa masewerowo akadatha 1-1, Germany, imene idagonjetsa Costa Rica 4-2 nthawi yomweyo, ikadapitirira. Koma musaiwale kuti Germany yomweyo idagonja 2-1 kwa Japan pa 23 Novembala, popanda mkangano wa mzere uliwonse.

Ku Japan nkhaniyi idapatsidwa dzina lakelake, lotanthauza kuti "milimita imodzi ya Mitoma", ndipo chithunzi chojambulidwa kuchokera pamwamba chidafalikira ponseponse. Masewerowo, amene kuno tidaonera 9 koloko usiku, kumeneko adayamba 4 koloko m'bandakucha, kotero anthu adapita kuntchito ali ndi tulo m'maso ndi nkhani imodzi pakamwa. Chidaonjezera kukoma kwa nkhaniyo n'chakuti Mitoma ndi Tanaka adakulira dera limodzi la Kawasaki, adasewera limodzi ali ana ku timu ya Saginuma, kenaka ku Frontale. Anthu amakonda nkhani ya ana awiri a mudzi umodzi amene apatsirana mpira pamaso pa dziko lonse, ndipo atolankhani sadatope kuibwereza.

Patangopita masiku anayi Japan idalepherana mphamvu 1-1 ndi Croatia m'ndime ya matimu 16, n'kugonja 3-1 pamapenate. Mitoma anali mmodzi mwa atatu amene mapenate awo goloboyi Dominik Livaković adagwira, ndipo adalira pamaso pa makamera mpaka kulephera kuyankhula bwino. Misozi imeneyo sidamuchotsere ulemu kwawo. Idachititsa kuti anthu amene ankamuona ngati mnyamata wouma nkhope amumvere chisoni ndi kumukonda.

Ndine mphunzitsi wa sekondale. Ndidamva kuti Mitoma adakana kusewera mpira wa ndalama kuti akaphunzire, ndipo ali ndi digiri ya udokotala (PhD) pa nkhani ya kudoda. Ndikufuna kugwiritsa ntchito nkhaniyi polimbikitsa anyamata anga amene amathawa m'kalasi chifukwa cha mpira. Kodi ndi yoona?
Mphunzitsi, Dedza

Aphunzitsi, mwachita bwino kufunsa musanaime pamaso pa ana, pakuti kandimverere adakanena za m'maluwa. Nkhaniyi ili ndi choonadi, koma poyenda kuchokera ku Japan kudzera m'nyuzipepala za ku England mpaka kufika kuno yanenepa panjira.

Choona ndi ichi. Mitoma adakulira m'timu ya ana ya Kawasaki Frontale, ndipo atafika zaka 18 akuluakulu a timuyo adafuna kumukweza kuti alowe timu yaikulu. Iye adakana, poona kuti thupi lake linali lisanakhwime ndipo akadangokhala pabenchi, choncho mu 2016 adalowa yunivesite ya Tsukuba kukaphunzira za masewero olimbitsa thupi, ndipo adakhalako zaka zinayi. Pomaliza maphunzirowo adalemba kafukufuku wokhudza kudoda, ndipo pochita kafukufukuyo adamangirira timakamera pamitu ya osewera anzake kuti aone kumene maso a wododa waluso amayang'ana poyerekeza ndi a wosadziwa. Koma umenewu unali kafukufuku wa digiri yoyamba, wonga amene ophunzira ambiri amalemba m'chaka chawo chomaliza, osati wa udokotala. Iye mwini adanenapo kuti mutuwo adausankha chifukwa unali wapafupi kwa munthu wokonda mpira ndi kudoda.

Chimene chimasowa m'nkhaniyi ikamafotokozedwa kunja n'chakuti ku Japan kupita ku yunivesite si kusiya mpira. Mayunivesite kumeneko ali ndi maligi amphamvu, mabwalo abwino, makochi ophunzira ndi akatswiri a zakudya ndi zothamanga, ndipo matimu awo ena amapikisana nawo mu Emperor's Cup pamodzi ndi matimu a ligi yaikulu. Mu 2017 Tsukuba idagonjetsa Vegalta Sendai, timu ya J1, 3-2 m'chikhochi, Mitoma atagoletsa ziwiri, chimodzi mwa izo atachoka ndi mpira m'chigawo cha timu yake. Njira imeneyi sadaiyambe ndi iye: Yuto Nagatomo adadzera ku yunivesite ya Meiji asanakafike ku Inter Milan, Junya Ito adadzera ku Kanagawa, Hidemasa Morita ku Ryutsu Keizai, Ayase Ueda ku Hosei, ndipo Kyogo Furuhashi, amene adatchuka ku Celtic, adadzera ku Chuo. Kwa Mjapani, tsono, wosewera wokhala ndi digiri si chodabwitsa. Adadabwa ndi Angerezi, amene kwawo mwana waluso amalowa m'manja mwa timu asanathe n'komwe sekondale, ndipo nkhaniyi idawakomera chifukwa idagwirizana ndi chithunzi chimene ali nacho kale cha Mjapani wakhama ndi wamabuku.

Ife sitikhulupirira kuti Mitoma amadutsa anthu chifukwa cha zimene adalemba papepala. Ankadoda kale asanalembe, ndipo pali ambiri amene adawerenga za kafukufukuyo koma sangapyole ngakhale mwana wa pulayimale. Chimene yunivesite idamupatsa ndi zaka zinayi zosewera mlungu uliwonse, nthawi yokhwimitsa thupi, ndi chizolowezi chodzifunsa chifukwa chake chinthu chatheka kapena chalephereka. Ngati mukufuna phunziro la anyamata anu, auzeni za mnyamata wa zaka 18 amene adapatsidwa kontrakiti koma adadziyeza yekha moona mtima n'kunena kuti sadakonzeke, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma muwauzenso chilungamo kuti iye sadasankhe pakati pa sukulu ndi mpira, chifukwa kwawo zinthu ziwirizo zimapezeka pamalo amodzi. Anyamata ochenjera akakufunsani ngati kuno zilinso choncho, mukhale mutakonzekera yankho.

Kuno anzanga amati matimu a ku Ulaya amagula osewera a ku Japan kuti agulitse majezi ku Asia, osati chifukwa cha luso. Kodi Mitoma si mmodzi mwa amenewo?
Wowerenga wanu, Johannesburg

Maganizo amenewa ndi akale, ndipo adali ndi poyambira. Kazuyoshi Miura atapita ku Genoa mu 1994, kukhala Mjapani woyamba mu Serie A, ligi yaikulu ya ku Italy, adagoletsa chigoli chimodzi chokha chaka chonse, ndipo ambiri ku Italy ankanena kuti adabwera ndi ndalama za makampani. Junichi Inamoto atafika ku Arsenal mu 2001 sadasewere ngakhale masewero amodzi a ligi, ndipo nyuzipepala za ku London zidamuseka kuti adagulidwa kuti azigulitsa malaya, ngakhale kuti chaka chotsatira adagoletsa zigoli ziwiri pa Chikho cha Dziko Lonse. Koma ngakhale m'masiku amenewo nkhaniyi sinali yoona kwa onse. Yasuhiko Okudera adapita ku FC Köln mu 1977, ligi ya ku Japan isanakhale n'komwe ya osewera olipidwa, ndipo mu 1978 adatenga nawo ligi ndi chikho cha Germany. Hidetoshi Nakata adagoletsa Juventus zigoli ziwiri tsiku lake loyamba ku Perugia mu 1998, ndipo mu 2001 adatenga ligi ya Italy ndi Roma. Shinji Kagawa adatenga Bundesliga kawiri ndi Borussia Dortmund asanapite ku Manchester United mu 2012, ndipo Shinji Okazaki ankayamba masewero ambiri m'timu ya Leicester City imene idadabwitsa dziko mu 2016.

Kunena za Mitoma, onani ndondomeko ya zinthu. Munthu wogulidwa kuti agulitse majezi amamuonetsa kwa atolankhani ndi mwambo waukulu, ndipo amamusunga pafupi kuti makamera amuone. Brighton idamugula mwakachetechete n'kumutumiza ku Belgium chaka chathunthu. Timuyi imadziwika ndi kufufuza osewera otchipa m'maiko amene matimu akuluakulu sayang'anako kwenikweni, monga idachitira ndi Moisés Caicedo wa ku Ecuador, amene pambuyo pake idamugulitsa ku Chelsea pamtengo wofika mapaundi 115 miliyoni. M'nyengo ya 2022/23 Mitoma adagoletsa zigoli 7 mu Premier League, kuposa 6 zimene Kagawa ndi Okazaki adafikapo m'nyengo imodzi, ndipo Brighton idathera pa nambala 6 n'kulowa mpikisano wa ku Ulaya koyamba m'mbiri yake. Mu Januwale 2025, pa Old Trafford, adapitirira zigoli 14 za Okazaki n'kukhala Mjapani wogoletsa zambiri m'mbiri ya ligiyo, ndipo nyengo ya 2024/25 adaimaliza ndi zigoli 10.

Izi sizikutanthauza kuti Brighton sipindula ndi kutchuka kwake. Imapindula kwambiri. Pa bwalo la timuyi la Amex pamafika alendo ochokera ku Japan atanyamula mbendera ndi majezi a nambala 22, ndipo mu Julayi 2024 timuyo idapita ku Tokyo kukasewera ndi Kashima Antlers ndi Tokyo Verdy pokonzekera nyengo, ulendo umene sukadakhala ndi tanthauzo popanda iye. Anzanuwo aona malonda enieni, kungoti asokoneza chimene chidayamba ndi chimene chidatsatira.

Kodi Mitoma ndiye munthu wamasewero wotchuka kwambiri ku Japan?
Wophunzira, Zomba

Ayi, ndipo mpata wake ndi waukulu. Ife amene timaonera Premier League timaganiza kuti dziko lonse limayeza kutchuka ndi muyeso wathu, koma ku Japan masewero a baseball adazika mizu kalekale J.League isanayambe mu Meyi 1993, ndipo munthu amene nkhope yake ili pa zikwangwani, m'masitima ndi m'nkhani za m'mawa ndi Shohei Ohtani. Iyeyu adatsogolera Japan kutenga chikho cha World Baseball Classic mu 2023, ndipo mu Disembala chaka chomwecho adasaina kontrakiti ya zaka 10 ya madola 700 miliyoni ndi Los Angeles Dodgers. Nthawi nayonso imamukomera Ohtani, chifukwa masewero a madzulo ku America amaoneka m'mawa kapena masana ku Japan, pamene masewero a ku England oyamba 3 koloko masana amafika ku Tokyo cha m'ma 11 koloko usiku kapena pakati pa usiku.

Ngakhale pakati pa osewera mpira wamiyendo okha, kutchuka kuli ndi mitundu. Agogo a ku Japan amene sadaonerepo Brighton amamudziwa Miura, amene amamutcha King Kazu. Iyeyu adabadwa mu 1967, adapita yekha ku Brazil ali ndi zaka 15, adabwerera kudzakhala nkhope ya J.League pamene inkayamba, adagoletsera dziko lake zigoli 55, koma mphunzitsi Takeshi Okada adamusiya pamndandanda wa Chikho cha Dziko Lonse cha 1998, bala limene Ajapani amalikumbukirabe. Mu 2017 adagoletsa chigoli ali ndi zaka 50, ndipo mu 2023 ankasewerabe mu ligi yachiwiri ya ku Portugal ali ndi zaka 56. Nakata adatchuka ndi tsitsi lopaka utoto ndi zovala zamakono pafupifupi mofanana ndi mpira wake, ndipo adasiya kusewera mu 2006 ali ndi zaka 29 zokha. Keisuke Honda, amene ambiri kuno timamukumbukira chifukwa cha chigoli chimene adagoletsa Cameroon ku Bloemfontein mu 2010, adatchuka ndi pakamwa, popeza ankanena poyera kuti Japan ikufuna kutenga Chikho cha Dziko Lonse pamene ena onse ankachita manyazi kutero.

Mitoma sali ngati aliyense wa atatuwa. Amayankhula motsitsa mawu, akafunsidwa za chigoli chokongola kawirikawiri amatchula zimene zidalakwika m'masewerowo, ndipo za moyo wake wa kunyumba sizimveka kawirikawiri. Makampani amamukonda chifukwa cha khalidwe lomwelo, ndipo waonekapo m'malonda a Puma ndi a kampani ya ndege ya ANA. Pakati pa osewera a m'badwo wake, amene angapikisane naye pa kutchuka ndi Takefusa Kubo wa Real Sociedad, yemwe Ajapani adayamba kumutsatira ali mwana m'sukulu ya mpira ya Barcelona. Tinganene kuti kuyambira kumapeto kwa 2022 Mitoma wakhala mmodzi mwa awiri kapena atatu amene ana a ku Japan amawatsanzira pabwalo. Ndi bwinonso kusunga muyeso tikamayerekeza ndi Asia yense, pakuti Son Heung-min wa ku South Korea adagoletsa zigoli zoposa 100 mu Premier League ndipo mu 2022 adagawana ndi Mohamed Salah mphoto ya wogoletsa zigoli zambiri, aliyense 23. Mitoma sadafike pamenepo.

Ngati ndi katswiri chotero, bwanji sadapite ku timu yaikulu monga anzake adachitira?
Mayi wokonda Liverpool, Area 25, Lilongwe

Mayi, funso lanu ndi loyenera, chifukwa Ben White ndi Leandro Trossard adapita ku Arsenal, Marc Cucurella ndi Caicedo ku Chelsea, Alexis Mac Allister ku Liverpool yanuyo, koma Mitoma adatsala. Zifukwa zimene zikuoneka ndi zitatu. Mu Okutobala 2023 adasaina kontrakiti yatsopano yofika mu 2027, imene idapatsa Brighton mphamvu yotchula mtengo umene ikufuna. Nyengo ya 2023/24, imene ikadakhala yomugulitsira, idaonongeka ndi kuvulala, poyamba kakolo mu Disembala, kenaka msana mu Febuluwale, ndipo sadasewerenso mpaka nyengoyo idatha. Chachitatu ndi msinkhu: matimu olemera masiku ano amalipira ndalama zambiri pa mnyamata wa zaka 21 amene angadzamugulitsenso, ndipo zaka zinayi za ku Tsukuba zija, zimene zidamukhwimitsa, zidachititsanso kuti afike pamsika ali wamkulu kale. Ogula sadasowe konse ayi, pakuti mu Januwale 2025 timu ya Al-Nassr ya ku Saudi Arabia, kumene kuli Cristiano Ronaldo, idapereka ndalama zochuluka, koma Brighton idakana, ndipo malipoti a nthawiyo adati naye mwini wake adafuna kupitiriza kusewera ku Ulaya.